Khutu la Kumanzere la Azakhali

Chaka changa chomaliza ku yunivesite ndinabwerera kwathu ku Kaphuka m'mwezi wa Juni, nditanyamula laputopu yobwereka ndi mahedifoni. Kafukufuku wanga anali wa kampweya kaja kamene kamatuluka pakamwa munthu akamati "phala", koma sikatuluka akamati "pala". Ndinali nditajambula mnzanga wa m'kalasi akunena kuti "phala", kenaka pa kompyuta ndinkadula kampweyako pang'onopang'ono mpaka liwulo linasanduka "pala". Ndinkafuna kudziwa kuti khutu la munthu limasiya pati kumva phala n'kuyamba kumva pala.

Ntchito yake inali yosavuta. Munthu ankavala mahedifoni, ine n'kumadina batani kuti amve liwu limodzilimodzi, poyamba ku khutu la kumanja, kenaka la kumanzere. Patebulo panali zithunzi ziwiri, china cha mbale ya phala, china cha mmisiri akupala thabwa. Iye ankangoloza chimene wamva.

Amene anandipezera anthu oti ndiwayese ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene anandilera mayi atamwalira ndili sitandade yachitatu. Misa itatha Lamlungu anakalankhula ndi amayi a ku mphakati wawo, ndipo Lolemba m'mawa khonde lathu linali litadzaza, anthu atafunda zitenje ziwiriziwiri chifukwa cha chisanu. Azakhali anandipatsa chipinda chawo. Pawindo anapachika bulangete kuti phokoso lisalowe, ndipo tsiku lonse ankathamangitsa nkhuku kuseri kwa nyumba. Ndikawauza kuti nawonso ayese, ankati, "Ayambe alendo."

Analowa tsiku lachitatu masana, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Ku khutu la kumanja anayankha bwino ndithu, kuphonya apa ndi apo ngati wina aliyense. Nditasinthira kumanzere, anakhala chete. Kenaka anandiyang'ana kumaso, nayang'ana chala changa, n'kuloza thabwa. Ndinawaikira liwu la "phala" lathunthu, losadula konse, ndipo ndinakweza. Analozanso thabwa. Ndinagogoda chala patebulo pambali pa batani, osadina chilichonse. M'mahedifoni munalibe liwu. Azakhali anadikira pang'ono, n'kuloza mbale ya phala.

Tinamaliza choncho. Anavula mahedifoni, nakonza duku lawo.

"Ndakhoza, mwana wanga?"

"Mwakhoza zonse, azakhali."

Anatuluka akuseka, ndipo ndinawamva akuuza anzawo pakhonde kuti sukulu sanapite nayo patali koma mayeso a ku yunivesite akhoza. Amayiwo analuluta. Ine ndinakhala m'chipinda muja n'kulemba chizindikiro cha mtanda pambali pa nambala yawo m'kope langa la mayankho.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinawanamiza pofuna kusawachititsa manyazi pamaso pa anzawo. Mwina pa ola limenelo zinali zoona. Koma ndinakhala pakhomo paja masiku ena asanu, tikukumba limodzi kachewere kumunda wa kuphiri, tikudya m'mbale imodzi, ndipo sindinatsegule pakamwa. Zoona zake n'zakuti ndinkadziwa kuti ndikanena, ndiye kuti ndi ine wowaperekeza kuchipatala, kukaima nawo pamzere, mwinanso kubwererako kachiwiri. Maganizo anga onse anali pa tsiku lopereka ntchitoyo.

Kusukulu, mayi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anaona mayankhowo n'kuloza mzere wa azakhali.

"Awa sakumva khutu limodzi. Muwachotse pa chiwerengero. Kodi mwawauza?"

"Ndiwauza pa holide."

"Muwauze. Nthawi zina chimakhala chinthu chaching'ono, akachipeza msanga."

Holide inafika, sindinawauze. Ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito ku Lilongwe. Ndikabwera kudzawaona, ndinkaona ndekha akutembenuza mutu kuti khutu la kumanja liloze kwa wolankhula. Ndinkangokhala mbali yabwinoyo n'kumacheza nawo ngati palibe kanthu. Nthawi ikamapita, kunena kunkavutiravutira, chifukwa ndikanayenera kufotokozanso chimene ndinakhalira chete.

Chaka chotsatira, tsiku la msika ku Mayani, azakhali ankayenda m'mphepete mwa msewu atasenza dengu la nyemba. Njinga yamoto ya kabaza inatulukira kumbuyo kwawo, mbali ya kumanzere. Amene anaona anati mwini njingayo analiza hutala kangapo, ndipo anthu onse anapatuka kupatula iwo. Njingayo inawagunda, ndipo anathyoka fupa la pantchafu.

Ndinawapeza m'chipatala mwendo atauimika ndi zingwe. Sanadandaule za ululu, ankangofunsa ngati wina anatola nyemba zija. Tsiku lachiwiri ndinapempha adokotala kuti awaonenso khutu. Atawaunika anati mkatimo munali chilonda chakale chimene chinkatuluka mafinya nthawi ndi nthawi, ndipo chinali chitawononga kwambiri. Ndinafunsa ngati chikanachizika akanabwera chaka chatha. Anati mwina akanapulumutsako pang'ono, koma sangalumbire.

Adokotala atachoka ndinazungulira bedi, n'kugwada mbali ya kumanja.

"Azakhali, tsiku lija la mahedifoni ndinakunamizani. Simunakhoze. Ndinaona kuti khutu ili silikumva, koma sindinanene."

Anafunsa maso ali kudenga.

"Ndiye unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ine ndinkayesa ndakupusitsa," anatero. "Ndinkaona kuti ndikanena kuti sindikumva, ndiwononga sukulu yako. Ndiye ndinkangoloza."

Mayi wa pabedi loyandikana nalo anatembenukira kukhoma kuti atipatse mpata. Ndinkayembekezera kuti azakhali anena kuti palibe kanthu, monga ankachitira ndili mwana ndikaswa kapu, koma sanatero.

"Ukanandiuza, mwina ndikanapita kuchipatala, mwina sindikanapita. Umandidziwa ine ndi zipatala. Koma ukanandiuza. Ine ndinkaona ngati ndi ukalamba chabe. Iwe ndi amene unaphunzira."

Kenaka anandituma kukatenga madzi, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso.

Anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itagwa kale. Mwendo unapola, koma unafupika, moti mpaka lero amayendera ndodo. Munda wa kuphiri uja anausiyira mwana wa mchimwene wawo wina, iwo n'kutsala ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba, mmene amabzala mpiru ndi anyezi. Kukwaya anasiya, akuti mtunda wa kutchalitchi suyendeka kawiri pa sabata. Palibe m'banja mwathu amene amadziwa kuti ndinkadziwa. Iwo sanauze munthu, ndipo inenso ndalephera mpaka pano.

Ntchito yoyesa makutu ndi malankhulidwe a anthu ndimaigwirabe. Ndikapeza munthu amene sakumva bwino, ndimamuuza asanadzuke pampando, n'kumulembera kapepala kopita nako kuchipatala. Anzanga kuntchito amanditama kuti ndine wosamala. Sindiwauza kumene ndinaphunzira.

Chaka chathachi azakhali anandipempha kuti ndiwabweretsere buku la kafukufuku uja. Analigwira ndi manja awiri, natsegula masamba, akuyang'ana mizere yokwera ndi yotsika. Chingerezi sawerenga.

"Ine ndili pati m'menemu?"

Ndinawatsegulira tsamba lake n'kuwaonetsa mzere umodzi wa m'munsi. Ndinawamasulira mmene ndinaulembera, osasintha kanthu: munthu mmodzi anachotsedwa chifukwa sankamva bwino. Anaika chala pamzerewo, nafunsa ngati ndi pomwepo basi. Ndinati ndi pomwepo.

"Chabwino," anatero. "Kaliike m'sutikesi, mbewa zingalidye. Ukatero ukaanule chimanga chili pamphasacho, kumwambaku kwada."