Msana Wanga pa Kanema wa Mnzanga

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma gitala ya besi ndinaikhoza popanda mphunzitsi. Bandi yathu inali ya anthu anayi, tonse a ku Kawale, nthawi ija mathalauza ankasesa msewu. Tinkayimba nyimbo za roko, zaphokoso, zoti azimayi a mvano akamadutsa ankatseka makutu. Chingerezi chake ine sindinkachimva, ndinkangotsegula pakamwa kuti atsikana aziti ndikuthandizira. Amene ankachimva anali woyimba wathu, mnyamata wa kumpoto, kalaliki wa mu ofesi, wa mawu onga macheka pa mlombwa.

Kenako anakwatira, n'kulowa tchalitchi mwamphamvu mpaka kukhala mkulu wa mpingo. Bandi inafera pomwepo. Tikakumana pa depoti ndinkamuputa dala pagulu: "Akuluampingo, tatiyimbireniko kaja ka m'bala kaja!" Iye ankayankha osanditembenukira: "Iwe udzapsa pamodzi ndi besi yakoyo."

Chaka chadzana anandipeza kwanga ku Biwi. Jekete linali lomwe lija, koma munthu m'katimo anali atachepa.

"Ndikufuna tiyimbenso kamodzi," anatero. "Tijambulitse kanema. Ana anga amangondidziwa ndi buku la nyimbo m'manja."

"Nanga ampulifaya? Mu yathu ija makoswe anaberekeramo mpaka zidzukulu."

"Popanda magetsi. Magitala wamba basi. Chifuwa changachi sichingalimbanenso ndi masipika."

Ndinafuna kumuseka, koma ndinaona kuti akupuma ngati wakwera phiri, chikhalirecho ali pampando. Ndinangovomera.

Wang'oma wathu anali atatisiya kalekale. Wa gitala yachiwiri tinakamufukula ku Area 23 komwe amasoka nsapato, zala zitauma gwa. Wojambula tinamupeza ku Chinsapo, bambo wa kamera imodzi amene moyo wake wonse wakhala akujambula maukwati. Akazi a mnzanga woyimba uja anakana kubwera. Anati nyimbo za m'mabala sangazikhalire pansi.

Tinayimba Loweruka masana kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa mtengo wa mapeyala. Oyandikana nawo anabwera ndi mabenchi awo. Mnzanga sakanatha kuyimirira, ndiye anakhala pa kampando kakafupi atatsamira khoma. Anayamba ndi nyimbo ija tinkatsegulira madansi, koma anaiyenda pang'onopang'ono, ngati akuiperekeza. Zaka zonse zija ndinkayima pambali pake phokoso lili m'makutu, osadziwa kuti nyimboyo ndi yachisoni.

Ine zachisoni sindizitha. Komanso besi yanga popanda ampulifaya inkangonong'ona, ngakhale nkhuku sizinkaimva. M'nyimbo yachiwiri mnzanga anatsokomola pakati pa mawu. Anthu anazyolika. Mayi wina anayamba kupukuta m'maso ndi chitenje. Zinandiwawa. Munthu ali moyo, gitala ili m'manja, inu mwayamba kale maliro? Ndinagoneka besi pansi, ndinadzuka, n'kuyamba kumuvinira kavinidwe kathu kakale, kogwedeza mawondo ndi kupotokola chiuno, ndodo yanga ili m'mwamba. Anthu anafa nalo phwete. Mnzanga anaseka mpaka kuphonya chingwe.

"Khala pansi mdala iwe, uthyoka!" anakuwa.

Sindinakhale. Ndinavina mpaka nyimbo yomaliza, maso anga ali pa iye, ndikumusinjirira, iye akuyimba uku akupukusa mutu. Madzulo ake ndinadzitama kuti ndapulumutsa tsiku.

Chimene sindinaganize n'chakuti wojambula maukwati ali ndi lamulo limodzi: kamera imatsata amene wadzuka kuvina.

Mnzanga anamwalira disiki isanatuluke. Thupi analitengera kumpoto, ine sindinapite, mwendo unali utatupa. Disiki itafika ndinatseka chitseko, n'kuiika m'makina ndekha. Poyamba anaonetsa alendo akufika, kupatsana moni, mayi wina akukonza duku, ndendende ngati pa ukwati, nyimbo yoyamba ikumvekera patali. Kenako ine. Msana wanga, dazi langa, malaya atatuluka m'thalauza. Kuseri kwanga kunkaoneka dzanja pa gitala, bondo, nthawi zina nsonga ya nsapato. Ndikasendera kumanzere, kamera nayo kumanzere. Nkhope ya mnzanga panalibe. Ndinabwereza katatu, ngati kuti kachitatuko mdala wovinayo atopa akhale pansi.

Disikiyo ndinaibisa mu sutikesi miyezi isanu. Akazi a mnzanga aja anatumiza mawu kawiri, ine ndinayankha kuti wojambula akukonzabe. Bodza ndimalitha, limenelo sindikana. Kachitatu anayimba foni okha.

"Alamu, zithunzi zonse za bambo a kuno ndi za pa tchalitchi, atamanga nkhope. Ndikufuna ndiwaone akuyimba. Tsiku lija ndinakana kubwera, ndinalakwa."

Pamenepo bodza linandithera. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Area 25 komwe amakhala, disiki ili m'thumba la jekete. Pa siteji iliyonse ndinkaganiza zotsika.

Anandilandira bwino. Anandiphikira tiyi, anachotsa kansalu koluka kamene kanavundikira wailesi ya kanema, n'kukhala kunsonga kwa mpando manja ali pa mawondo. Alendo akufika aja anawapirira. Mawu a amuna awo atamveka anasendera kutsogolo. Ndiye msana wanga unadzaza galasi lonse.

Anapendeketsa mutu kumanzere. Anaupendeketsanso kumanja, monga amachitira munthu m'tchalitchi akakhala kumbuyo kwa wamtali.

"Alamu, tasunthani," anatero chapansipansi. Sankauza ine wa pampando, ankauza wa pagalasiyo.

Wa pagalasiyo anangopitiriza kugwedeza chiuno.

"Aonekera potani?" anandifunsa.

"Saonekera, alamu."

"Mpaka kumapeto?"

"Mpaka kumapeto."

Pakamwa panga panali patakonzeka kale nthabwala yonena wojambula wa ku Chinsapo, yabwino ndithu, yoti pa bawo anthu akanagwa nayo pansi. Ndinaimeza.

"Ndine ndinawatchinga," ndinatero. "Ndinkafuna aseke."

Sanandiyang'ane. Pa kanemapo mnzanga anaphonya chingwe chija, n'kuseka, n'kundikalipira kuti ndithyoka.

"Akusekawo ndi iwowo?"

"Ndi iwowo."

Kenako anadzuka, anatola kansalu kaja, n'kuvundikiranso galasi kanema akuyendabe. Anakweza mawu, nabwerera pampando. Tinamvera nyimbo zinayi zotsalazo tikuyang'ana nsalu. M'mabowo a ulusi munkaoneka kachithunzi kakudumphadumpha, ndipo ndinkadziwa kuti ndine. Tiyi anazizira m'kapu. Pa nyimbo yomaliza mnzanga anakoka mawu aatali, amene tsiku lija sindinawamve chifukwa cha mapazi anga, ndipo amayiwo anatseka maso mpaka atatha.

"Disikiyi muisiye," anatero.

"Ndi yanu, alamu."

Ndinatsanzika. Anayankha kuti ndiyende bwino, koma sanadzuke. Zaka zonse ndinkabwera pakhomopo, ngakhale masiku amene ankanditcha satana wa besi, ankandiperekeza mpaka pa geti. Tsiku limenelo geti ndinatsegula ndekha, n'kulitsekanso bwinobwino kuti lisachite phokoso, chifukwa m'nyumbamo nyimbo yoyamba inali itayambanso.