Chala cha ndani pachithunzi cha a Nabanda?

Loweruka lapitali masana tinali ku Markham, kufupi ndi Toronto, m'chipinda chapansi kwa a Tembo, anzathu a ku Chipata amene mwana wawo wamkazi akukwatiwa kukangoyamba kufunda. Anatiitana kuti tikambirane za ukwati. Za ukwatizo tinakamba mwina mphindi khumi. Nthawi yotsalayo inathera pa chala cha munthu amene palibe aliyense wa ife anamuonapo.

Ndiyambe bwinobwino. A Nabanda ndi mayi wa ku Ntcheu. Amuna awo anamwalira kalekale, amakhala okha m'zinyumba zazitali zija za ku North York, ndipo ntchito yawo ndi yosamalira nkhalamba. Iwowa ndi amene Mayi Tembo anawasankha kuti akhale alangizi a mkwatibwi. Inu mukudziwa kuti pakati pathu kuno udindo umenewu umalemera kuposa digiri. A Nabanda anali atasoketsa kale ndi zovala zomwe.

Tsono mwezi watha mayiwa anatenga tchuthi n'kukwera ndege zitatu mpaka ku Ushuaia, katauni ka doko kumchira kwenikweni kwa Argentina, kumene mapu amathera. Okha. Kulibe maliro, kulibe ukwati, kulibe msonkhano wa mpingo, ngakhale msuweni wa mlamu wa munthu kulibe.

Ndiye amakatani? Amakaona basi.

A Nabanda atalowa m'chipindamo Loweruka lija, Mayi Tembo anawalonjera monga timalonjerera wapaulendo aliyense, kuti mwawasiya bwanji kumene mwachokera. A Nabanda anati awasiya bwino, onse ali chiimire pamiyala, akukupiza timapiko. Tinayang'anana. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa envelopu ya zithunzi, ndipo tinamvetsa kuti akunena mapengwini, mbalame zosauluka zija zimene zimavala ngati madikoni pa tsiku la mgonero.

Abale, zithunzizo zinali zokongola, ndisaname. Apa a Nabanda ali m'boti, kumbuyo kwawo nsanja ya nyali younikira sitima, yofiira ndi yoyera, itaima yokha pakathanthwe. Apa ali pafupi ndi zinyama zonenepa ngati akatumbu odya bwino, zimene anati kununkha kwake sungaiwale. Apa akukwera phiri ndi ndodo kulunjika kumene madzi anaundana osasungunukanso, atavala majuzi atatu, chitenje atachimanga pamwamba pa thalauza. Anati kumeneko inali nyengo yotentha, koma mphepo yake imakuvula duku osapempha. Anakweranso kasitima kakang'ono kodutsa m'nkhalango imene kale akaidi ankadulamo mitengo. Amafotokoza maso akuwala, manja ali m'mwamba, ngati mtsikana amene wabwera kumene ku Blantyre koyamba.

Bambo Tembo anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo aonapo anthu othawa chisanu cha Toronto kupita ku Florida, koma wothawa chisanu n'kukafuna chisanu china chokulirapo ndi woyamba.

Mayi Tembo sanaseke. Anali atagwira chithunzi chimodzi, akuchiyandikitsa kumaso.

"Manje ngati munali nokha, amakujambulani ndani?"

Pakona pa chithunzicho panali chala. Amene ankajambula anaphimba pang'ono diso la kamera, ndiye chala chake chachikulu chinalowa nawo, chofiirira, chosaoneka bwino. Chithunzicho chinayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Mayi wina amene ndi namwino anati chikhadabo chotambalala chotero si cha mkazi. Wina anati akuona ubweya. Wina anafunsa ngati pali mphete, anzake n'kumukumbutsa kuti mphete sivalidwa pa chala chachikulu. Mayi akunyumba kwanga, Nagama, anangochilandira n'kupatsira patsogolo osachiyang'ana.

Chitafika kwa ine ndinavala magalasi. Ndiulule pano, popeza ndi inu: ndinati chikuoneka cha munthu wozolowera kukoka zingwe za sitima. Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Nditadzutsa mutu ndinaona a Nabanda akusonkhanitsa zithunzi zawo chimodzichimodzi, ndipo manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

"Chala chimenecho," anatero akutseka envelopu, "ndi cha munthu amene ndinamupempha kuti andijambule, iye n'kundijambula, osandifunsa kuti ndine mkazi wa ndani. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikupita kumene akundifuna. Ndimafuna ndipiteko kamodzi kumene ndikufuna ine."

Anatsanzika mwaulemu, nakana kuti wina awaperekeze pagalimoto. Anati basi akuidziwa.

Tsono tiyeni tikambirane, ife tokhatokha. Kodi chinatipweteka ndi chala? Ayi ndithu. Chinatipweteka n'choti mayi wa kwathu anayenda ulendo wopanda chifukwa chimene ife timachivomereza. M'mitu mwathu ulendo umafunika chonamizira. Maliro, pita. Matenda, pita. Ukwati, sukulu, kukagula galimoto yotsika mtengo ku Hamilton, pita. Koma ukati ndikukaona mbalame, timayamba kufufuza mwamuna amene wabisala kuseri kwa mbalamezo, chifukwa mwamuna timamumvetsa, mbalame ayi.

Ndipo onani amene timafufuza. Bambo Tembo ntchito yawo ya makompyuta imawayendetsa mizinda yambirimbiri. Amabwerako ndi zithunzi ali m'mahotela, atakweza tambula, akumwetulira mano onse. Ndani anawafunsapo wojambula? Akanakhala iwo amene anakafika kumathero a dziko, bwenzi tikuwapatsa mpando wakutsogolo kutchalitchi kuti atifotokozere.

Ine ndemwe amene ndikulankhula mokwezane, ku mathithi a Niagara ndapitako kasanu ndi kawiri. Kasanu ndi kawiri konseko ndimaperekeza mlendo wochokera kumudzi. Tikafika timamuimika pampanda, suti ili thi, msana kumadzi, nkhope kukamera, kuti chithunzi chikafike kwawo anthu akaone kuti anafikadi. Iye madziwo sawaona, ine sindiwaona. Maulendo awiri ndinatsala koimika magalimoto kulondera nkhuku yokazinga. Tikapita ku Oakville, nyanja ili apo, ife maso ali pa nyumba za anthu olemera, kuwerenga magalaja.

Tinawoloka nyanja zikuluzikulu kubwera kuno, koma dziko limene timalidziwa ndi la pa windo la basi, pakati pa nyumba, ntchito ndi tchalitchi. A Nabanda tsiku ndi tsiku amasambitsa nkhalamba zimene miyendo inazikana. Amamva zikudandaula malo amene zinkafuna kukaona zikadzapeza mpata. Iwo anayang'ana mawondo awo, n'kuona kuti akadali kuvomera, n'kunyamuka. Cholakwa chili pati?

Ndiye tikufuna mlangizi wotani wa mwana wobadwira kuno, amene ukamulankhula Chichewa amakuyankha m'Chingerezi? Woti akamuuze za kugwada ndi kufunditsa madzi basi? Mtsikanayo Loweruka lija anali pamasitepe, ndipo mwa tonse ndi yekhayo amene anafunsa ngati mapengwini amaluma.

Lolemba madzulo, tikudya, foni inalira. Anali Mayi Tembo. Ndinkamva mbali ya Nagama yokha, koma nkhani inali yoonekeratu. Azimayi akumana, aona kuti dzina la a Nabanda layamba kutchulidwa kwambiri, ndiye pofuna kuteteza mwambo akupempha kuti alangizi akhale Nagama. A Nabanda anali asanauzidwe n'komwe.

Nagama anamvetsera mpaka kumapeto. Mkazi ameneyu ndakhala naye zaka makumi awiri, ndipo sanakanepo ntchito ya mpingo kapena ya ukwati, ngakhale akudwala mutu.

"Pepani amake mkwatibwi, alangizi muli nawo kale," anatero. "Komanso ine mwezi umenewo kulibe. Ndikukaona anamgumi."

Anaika foni, nabwerera pambale yake ngati palibe chachitika. Anandiuza kuti anamva kuntchito kuti kum'mawa kwa dziko lino, kumene mtsinje wina waukulu umakathira m'nyanja, anamgumi amabwera pafupi ndi maboti, ndipo wakhala akuganiza zimenezi zaka zitatu osanena.

Ine amene ndinali nditakonza kale m'mutu ndemanga yonseyi, yodzudzula inu nonse, ndinameza chakudya n'kufunsa: "Tili ndi ndani kumeneko?"



"Palibe," anatero. "Mukafuna tiyeni, mukandijambule. Mukatsala, ndikapempha wina."

Dzulo ndagula mafilimu awiri ndi juzi. Ndaimbiranso a Nabanda kupepesa, ndipo andiuza kuti pa boti ndisadye zamafuta. Za ulangizi Mayi Tembo sananenebe kanthu, koma zovala za a Nabanda zili chisokere. Nanga inu, zithunzi zathu zikadzabwera, mudzaona namgumi kapena mudzayamba mwafufuza m'makona?