Khoma lobisa malata

Amene analamula kuti nyumba yathu isakhale ndi khonde ndine. Si amisiri ayi. Padutsa zaka ziwiri ndikubisa zimenezi, ndipo amuna anga sakudziwa mpaka lero.

Tinamanga pamalo a mayi anga, kunja pang'ono kwa vila ya Milange, m'mbali mwa msewu wa ku Mongue. Amuna anga amagula chimanga ndi nyemba ku Molumbo n'kumakagulitsa kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, choncho nthawi yokolola amatha masabata osagona pakhomo. Kuyang'anira ntchito anandisiyira ine. "Wophunzira ndinu, amake mwana," anatero. Ndinali nditangolandira kumene satifiketi ya uphunzitsi, mwana wathu wamkazi akuyamba kuyenda.

Amisiri anali bambo achikulire a kutchalitchi kwathu, oyimba besi m'kwaya. Nyumba zambiri za m'mudzi muno anamanga ndi iwo. Khoma litafika pamutu ndinawauza kuti alikweze lipitirire denga, malata abisike kuseri kwake, monga nyumba zimene ndinkasirira ku Mocuba ndili pasukulu. Ndinkafuna odutsa pamsewu aziloza kuti apa pamakhala a porofesora, aphunzitsi.

Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"A porofesora, za ku Mocubazo anamangira simenti. Ife njerwa zathu tagwirizira matope. Khoma la matope limafuna chipewa ngati ine ndemwe. Malata atuluke kunja mkono wathunthu, madzi azigwera kutali ndi maziko."

"Bambo, makonde ataliatali ndi achikale. Nyumba imaoneka ngati khola la mbuzi."

"Komatu mbuzizo sizinyowa."

Anaseka, ine ndinapsa mtima. Ndipo ndinanama. Ndinati eni nyumba ndi amene alamula choncho asanachoke. Amisiri anangotola mpeni wawo womangira n'kukwera pathandala. Amuna anga atabwera n'kufunsa kuti khonde lili kuti, ndinati amisiri akuti masiku ano amamanga chonchi.

Mvula yoyamba inandiuza zonse. Madzi otsika pamalata ankakumana ndi khoma lija n'kudikha m'kangalande kamene masamba a mango ankatseka tsiku ndi tsiku. M'chipinda cha mwana khoma linada kuyambira pamwamba, zovala m'sutikesi zinachita nkhungu. Tsiku lina ndinadina chala pakati pa njerwa ziwiri, chinalowa ngati m'mbatata yophika. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakankhira kabati pamenepo kuti pasaoneke.

Dzinja lachiwiri mvula inagwa masiku anayi osakata, phiri la Tumbine osaoneka n'komwe. Anali masana. Mwana anali atagona pamphasa m'chipinda muja, ine ndikusankha nyemba kukhitchini panja. Ndinangomva kuti gumu! Khoma lapamwamba lija linagwera pamalata, malata ndi mitengo yake n'kugwera m'kati. Ndinafukula ndi manja. Mutu wake unapulumuka chifukwa cha kabati, koma mtengo wa denga unamuthyola ntchafu. Panopa amayenda motsimphina, ndipo kukazizira amalira kuti mwendo ukuluma.

Titachoka kuchipatala, amuna anga anapita kwa amisiri aja, ine ndikutsata pambuyo. Anakalipa anthu atasonkhana.

"Munkayesera luso lanu pa mwana wanga? Khoma lopanda khonde mvula ya kuno, munaliona kuti?"

Bambo aja anandiyang'ana. Kamodzi kokha. Ine maso pansi.

"Manja amene anamanga ndi angawa," anatero.

Kuyambira pamenepo palibe amene wawaitananso kukamanga ngakhale chimbudzi. M'kwaya anasiya.

Chilimwe chathachi tinayamba kuumba njerwa zina, amuna anga atapeza mmisiri wa kutsidya. Ine mtima sunakhazikike. Ndinapita ndekha kwa bambo aja ndipo ndinawapeza akulongedza makala m'matumba, manja ali bii. Ndinagwada. Ndinkati ndipepese, koma ndinangolira.

"Dzukani, mwananga, muda nawo makalawa. Mwabwera ndi cholembera?"

Anayamba kundiuza kamangidwe, ine ndikulemba pachikuto cha kope la ana asukulu. Maziko akhale a miyala, akwere kufika m'bondo. Pamwamba pake muyale pulasitiki wakuda musanayike njerwa, chinyontho chisakwere. Ngati simenti ndi yochepa, ipite m'mizere ya pansi ndi ya pamwamba, pakati matope apirira. Mitengo ya denga muipake oyilo wakutha chifukwa cha chiswe, ndipo muimange ndi waya wochokera m'kati mwa khoma, poti mphepo ya kuno imanyamula denga lokhomera misomali yokha. Ngalande izungulire nyumba. Mazenera ayang'anizane. Khonde mbali zonse zinayi.

Nditatseka kope ndinati ndikawauza amuna anga zoona, ndipo Lamulungu ndikaimirira m'tchalitchi.

"Mukatero mwendo uwongoka?" anafunsa. "Amuna anuwo ndawaona mtima wawo. Pano ndi kwanu, iwo ndi mkamwini. Akamva, akweza katundu panjinga, mwana atsala ndi mwendo umodzi ndi kholo limodzi. Ine ndakalamba, makala akundidyetsa. Pitani mukamange."

Ndinapita. Nyumba yatsopano yaima, khonde lake mwana amaseweramo mvula ikugwa. Koma Loweruka lililonse bambo aja amadutsa pamsewu akukankha njinga ya makala, amuna anga n'kulavula malovu pansi, ine n'kulowa m'nyumba.

Bambo aja anandiuza okha kuti ndikhale chete, ndipo ndinavomera msanga, mwina msanga kwambiri. Inu amene muli ndi ana, tandiuzani: pamenepa ndinateteza mwana wanga, kapena ndinangodziteteza ndekha? Ndinachita bwino kodi?