Ndodo Yayitali ya a Laimoni

A Laimoni anagwira ntchito zaka makumi awiri pa bwalo la gofu ku Blantyre, kunyamulira osewera zikwama za ndodo. Ankangomuyang'ana munthu n'kumuuza kuti pata yake, ndodo yogwetsera mpira m'kadzenje, yamutalikira. Koma eni akewo sanasewereko n'kamodzi komwe.

Pamene a Laimoni ankapuma ntchito, wosewera wina wamtali anawapatsa pata yake. Anabwerera nayo kwawo ku Matandani n'kukumba kadzenje pakhomo. Mpira unkangolambalala, poti ndodoyo inkawafika pachifuwa. Kuidula ankachita nako manyazi chifukwa inali mphatso.

Tsiku lina mwana wawo Maness, telala wa ku Lisungwi, anabwera ndi tepi yake yoyezera.

"Bambo, ine diresi likatalika ndimapinda basi. Taweramani mmene munkawauzira anthu aja."

A Laimoni anawerama, maso ali pa mpira, mikono italendewera momasuka. Maness anayeza kuchokera pansi kufika m'manja mwawo, n'kupita nayo ndodoyo kwa wowotcherera zitsulo kuti aidule.

Ndodoyo itabwerako, mpira wachitatu unagwera m'kadzenje. Mkuluyo anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.