Nkhata ya Anzawo a Lachitatu

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati n'kudzuka kumeneko, poti tinachezera nyimbo pamkeka pafupi ndi bokosi la achemwali anga. Kunja chiperoni chinali chitakuta phiri la Bangwe. Abambo anaunjikana pamoto, amayi akusankha nyemba kuseri kwa nyumba.

Achemwali anamwalira ndi shuga. Koma Bangwe yense ankawadziwa ndi matenda a maganizo, amene anthu amangoti misala. Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse ankakhala pabenchi kuchipatala kudikira mankhwala, osabisa nkhope. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti inenso ndimamwa mankhwala omwewo. Ankanditengera ndi iwowo, ine n'kumawabisa m'chitini cha tiyi. Ndimagulitsa mandasi ine. Ndani angagule mandasi a wamisala?

Mwana wawo Tadala ali kukoleji. Amamulipirira ndi a bungwe lina lothandiza ophunzira amene akulimbana ndi kusalidwa kwa odwala maganizo. Mwayiwo anaupeza atalemba kalata yofotokoza za mayi ake, mayi akewo atamuuza kuti alembe zonse. Achimwene athu aakulu zinawanyansa. Ankati mwanayu wagulitsa manyazi a banja kuti apeze fizi.

Kutacha, anzake a Tadala anafika paminibasi atanyamula nkhata yamaluwa. Achimwene anaitanira Tadala pambali.

"Za misalazo zisamveke pano. Mbiri ya malemu ndiwerenga ndekha."

"Chabwino, ankolo," anatero Tadala. Chabwino ameneyo ndinamuzindikira, anali wa mayi ake.

Anthu anabwera, abale inu! Ena ochokera ku Machinjiri, ena ku Ndirande, ambiri atavala zosoka achemwali. Achimwene anawerenga mbiri: kubadwa, ukwati, utelala, shuga, basi. Kenaka lole yonyamula bokosi inanyamuka pang'onopang'ono m'matope, ife pambuyo tikuimba, kamvula kakuwaza.

Adzukulu atamaliza kukwirira, mkulu wa mpingo anayamba kuitana oika nkhata. Ana. Achibale. Amayi a mpingo. Kenaka anaima, nakonza magalasi, n'kuwerenga mzere umene Tadala anawonjezera papepalapo.

"Nkhata iyi aike anzawo a malemu, amene ankakhala nawo pabenchi Lachitatu."

Tadala anaima yekha pakati, nkhata ili m'manja. Anali atawaletsa anzake akusukulu kuimirira, ati nkhatayi si yawo. Ndinamva chisoni, ndinamvanso mantha. Pakanapanda wodzuka, achimwene akanapambana, ndipo mwanayu akanabwerera kusukulu atachita manyazi pamanda a mayi ake.

Anayamba ndi bambo wina wachikulire wovala kofia, uja amakhoma zidebe kumsika. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana munthu. Kenaka mphunzitsi wina. Kenaka dalaivala wa minibasi. Atadzuka mayi amene anatsogolera nyimbo usiku wonse, anthu anayamba kung'ung'udza, koma odzuka ankangochuluka.

Sindinama, ndinaganiza za beseni langa la mandasi. Ndinaganizanso za achemwali pabenchi paja, akudikirira mankhwala a anthu awiri, osandinena ngakhale tsiku limodzi. Ndinamanga chitenje n'kudzuka.

"Amayi aang'ono?" anatero Tadala, maso ali tong'o.

"Bweretsa kuno nkhatayo, iwe. Inenso ndine wa Lachitatu, kungoti ndinkatuma mayi ako."

Tinaigwira tonse, aliyense pamene dzanja lake linafika, n'kuiika pamtumbira. Mayi uja anayambitsa nyimbo, anthu n'kuilandira mwamphamvu moti abusa anadikira kaye. Ndinalira, koma mtima unali mbee. Achimwene anangoyang'ana pansi. Pobwerera anandifunditsa ambulera yawo.

Madzulo nyumba inatsala zii, kukungomveka fungo la utsi. Tadala anati a bungwe aja amafuna aziwalembera zimene wachita, ndiye kaya za lero alembe bwanji.

"Lemba zonse," ndinatero. Ndinatulutsa mankhwala m'chitini muja n'kuwaika patebulo.

Pomwepo mayi woyandikana nafe, amene anali kumanda ndipo anaona zonse, anabwera kudzatenga mabeseni ake. Pakhomo anatembenuka.

"Mandasi muyambiranso liti? Anawa andisowetsa mtendere."

Ndinamuuza kuti sabata yamawa. Lachitatu lokha asadzandifune, ndidzakhala ndili pabenchi.