Ulendo wokamva za tulo tanga ku Chileka

Tinanyamuka ku Lirangwe cha m'ma 6 koloko m'mawa, ine, mwana wanga Yamikani kumsana, ndi apongozi anga aakazi. Sindinawaitane. Anangofika pakhomo atavala kale nsapato.

Nkhani yake inali ya tulo. Masana ndinkawodzera paliponse, ngakhale pamtondo. Amayi a pamjigo anagamula kuti ndatumbiza, ndatenga pakati pena mwana asanayambe kuyenda. Apongozi anati ngati n'zoona, Yamikani asiye bere sabata yomweyo. Mwezi wathawo anthu a kafukufuku wa tulo anali atanditenga magazi, n'kundiuza kuti ndikamve zotsatira kuchipatala china ku Chileka.

Minibasi mpaka pa Kameza inatidya 3,000 kwacha aliyense. Ndinalumbira mumtima kuti sindigona. Ndinadzidzimuka pa Lunzu mutu uli paphewa la bambo ena ovala kofia, dovu litanyowetsa malaya awo.

"Musadandaule mayi," anatero, "phewali ndi laulere, kondakitala sanaliwerengere."

Anthu anaseka. Apongozi anangoti, "Mwaonatu." Ndinalakalaka nditalowa pansi pa mpando.

Pa Kameza apongozi anandigulira dzira lowiritsa, n'kumandiyang'anitsitsa ngati ndichite nseru. Ndinalimeza msanga, tinakwera minibasi ina.

Tinalowa kwa anesi dzuwa litakwera. Anandilongosolera pang'onopang'ono.

"Thupi lili ndi wotchi yake, ndipo magazi amaiulula. Magazi anu tinawatenga m'mawa ndithu, koma akuonetsa ngati kunali kusanache. Wotchi yanu ikutsalira."

"Zawotchizo tamva, anesi," anatero apongozi mokweza, chitseko chili pululu, pabenchi pali anthu. "Nanga m'mimbamo?"

Anesi anatseka chitseko, n'kundifunsa ngati ndikufuna andiyeze. Ndinavomera ndi mutu. Atayeza mkodzo anati, "Mulibe kanthu. Mwana apitirize kuyamwa. Koma inu mumagona nthawi yanji?"

Ndinayang'ana zala zanga. Ndikanayamba bwanji? Mandasi amene ndimakazinga pansi pa babu mpaka mudzi wonse utagona ndi a geni ya apongozi.

Apongozi anakhosomola.

"Amagona akamaliza mandasi anga," anatero chapansipansi.

Anesi sanadzudzule munthu. Anati ndizigona msanga, ndipo m'mawa ndiziwothera dzuwa, wotchiyo idzabwerera pang'onopang'ono.

Pobwerera titafika pa Lunzu, Yamikani analira, ine n'kumupatsa bere ndikuyang'ana kuwindo. Manyazi anali asanandichoke, chifukwa zimene ndinalephera kunena ndi pakamwa panga miyezi yonseyi, anachita kundinenera magazi.

Mwana atakhuta, apongozi anamutenga n'kumuika pamiyendo pawo.

"Mandasi tizikazinga masana," anatero osandiyang'ana. "Tsamirani kuno mugone, amake Yamikani. Ndikudzutsani pa Lirangwe."