Kasitovu Kanga ka Zitini

Fungo la sipiriti kuchipatala lero landikumbutsa kasitovu kanga. Ndinakapanga ndi zitini ziwiri za zakumwa, n'kuboola timabowo ta moto ndi singano ya amayi. Zala zinatuluka magazi odzaza ndowa, ndikulumbira. Kanali kopepuka moti ndinkakapsinja ndi mwala kuti mwera usapite nako ku Nkhotakota.

Achimwene anandilonjeza kuti kakawiritsa tiyi, adzanditenga pa ulendo wapansi wokagona kuphiri la Senga. Tinathiramo sipiriti, n'kuyatsa. Kanawiritsa.

Ndinagona nditavala nsapato. M'mawa chikwama chawo panalibe, kasitovu panalibenso.

"Anyamuka kalekale ndi anzawo," anatero amayi uku akusesa. "Akuti miyendo yako ndi yaifupi. Nanga iwe, singano yanga ili kuti?"